Zala Ziwiri Pakhomo la Galaja

Ine mkazi mnzanga ndi lole. Musaseke, ndikunena zoona. Akazi ena amadandaula za mowa, ena za atsikana a m'tauni, koma ine zaka zisanu ndi chimodzi ndinkalimbirana mwamuna ndi chigalimoto chakale kuposa ukwati wathu.

Amuna anga anayendetsa malole a kampani zaka makumi atatu. Atapuma pa ntchito ndinati eya, tsopano ndizimuona mwamuna wanga masana. Ndinanama. Sabata yachitatu anatulukira ndi thirakitala ikukoka chinthu chimene ndinayesa khola la nkhumba: dzimbiri lokhalokha, matayala onse ophwa, udzu utamera pokhala dalaivala. Anati anaipeza kuseri kwa fakitale ina yotsekedwa, ndipo inali yofanana ndendende ndi lole imene anaphunzirira kuyendetsa ali mnyamata. Anaitcha Dona. Ine chikwatiwire sananditchepo dona ngakhale tsiku limodzi.

Anaikankhira m'galaja yogundana ndi chipinda chimene ndimasokeramo, pakuti ine ndine telala. Tsiku lomwelo ndinalumbira pamaso pa alamu anga, mng'ono wawo wa amuna angawo, amene ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo.

"Chinyalala ichi ine sindidzachikhudza ngakhale ndi chala," ndinatero.

"Alamu, ukayenda siya phazi," anayankha akuseka. "Mlomo umatsata mwiniwake."

Zaka zisanu ndi chimodzi, abale inu! Khoma lokha ndilo linkatilekanitsa. Ine ndikuponda makina uku, iwo ndi mng'ono wawo uko go go go, nyundo pa chitsulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Beseni langa lochapira linasanduka lotsukiramo mabawuti. Nsalu zotsala zimene ndinkasungira mapilo zinathera kupukutira girizi. Tsiku lina ndinapeza mswachi wanga uli bii, akutsukira kabuleta. Koma chimene chinandiwawa koposa ndi mpando wa m'lolemo. Anakausoketsa kwa telala wina kumsika, ine ndilipo, makina ndili nawo! Nditafunsa anangoti, "Si munalumbira inu, mayi?" Ndinatha masiku atatu osawayankhula, ndipo msoko wa telala ameneyo ndi wokhota mpaka lero.

Phokoso lomwelo linandidanitsa ndi mayi woyandikana nafe, amene tonse timamutcha Make Nkhuku chifukwa amaweta nkhuku za mazira. Anabwera tsiku lina manja ali m'chiuno, akuti nkhuku zake zasiya kuikira chifukwa cha "misala ya nkhalamba yanuyi". Pamenepo ndiye anandiponda pachilonda. Mwamuna wanga ndimamunyoza ndekha, wina ayi. Ndinamuuza kuti nkhuku zake zikufanana ndi mwini wake, kudya kwambiri ntchito osaoneka. Kuyambira tsiku limenelo tinatha zaka ziwiri osapatsana moni.

Kenako shuga anayamba kuwadya maso amuna anga. Lakumanzere linazima chaka chatha. Lakumanja linayamba kuchita chifunga, ndipo ndinkawaona akusakasaka sipanala ili pamphuno pawo pomwepo. Dokotala wa maso sanazungulire.

"Bambo, pakatha masabata atatu, Lolemba, tidzakuchitani opaleshoni diso latsalali. Sindikunamizani, mwina lidzaona, mwina ayi. Koma tikalisiya lifa ndithu."

Tinabwerera pa basi. Tikutsika amuna anga anandigwira mkono, chinthu chimene sachita pa anthu, nkunena chapansipansi kuti, "Mayi, Dona ndimuyendetse ndikuonako." Basi, mawu okhawo. Ndisaname, ndinachita mantha kwambiri. Nditafika kunyumba ndinakalirira kubafa, mpopi nditautsegula kuti asandimve. Kuyambira pamenepo ndinasiya kulongolola za phokoso. Tiyi ndinkawaperekera mpaka pakhomo la galaja, koma m'kati osalowa, pajatu ndinalumbira.

Alamu anatseka shopu yawo masabata atatu onsewo. Lachisanu masana, kutatsala masiku atatu kuti tipite kuchipatala, injini inatsokomola kawiri, kenako inalira. Mazenera a chipinda changa ananjenjemera, mapini anagwa patebulo. Ndinasuzumira, ndipo ndinaona amuna awiri a imvi akukumbatirana m'kati mwa utsi. Dona nayenso, ndivomere, anali atasamba: penti yobiriwira waliwali, matabwa atsopano kumbuyo, magalasi mbee.

Loweruka m'mawa amuna anga anavala malaya oyera, nakwera. Alamu anatsegula zitseko zonse ziwiri nkuima kutsogolo akukodola ndi manja. Lole inasuntha phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu.

"Imani! Imani, achimwene!"

Mabuleki anagwira. Alamu anali atayang'ana kumwamba, kukamwa kuli yasa. Pamwamba pa khomo la galaja pali mtanda wa konkire, ndipo denga la Dona linali litaupitirira. Alamu anakoka mpando wa m'galajamo, nakwerapo, nayeza ndi dzanja. Zala zisanu ndi chimodzi.

Mukudziwa chimene chinachitika? Dona analowa m'galaja muja ali wowerama. Matayala anali ophwa, ndipo masipuling'i, zitsulo zija zimanyamula thupi la lole, anali atafooka mpaka kugona. Iwo anamugulira matayala atsopano, namuikira masipuling'i atsopano, Dona nkuwongoka msana. Zaka zonsezi amuna awiri akuluakulu ankayeza chilichonse, ngakhale kampata ka pulagi ankakayeza ndi kachitsulo kopyapyala ngati lezala. Khomo lokha ndilo sanaliyeze.

"Koma inu!" ndinakuwa. "Ine ndisanadule nsalu ndimayamba ndayeza mwini diresi. Inu kusoka lole yathunthu osayeza potulukira?"

Alamu ankangokanda m'mutu.

"Gumulani chimtandacho," ndinatero.

"Alamu, chimenechi ndicho chanyamula denga la galaja ndi la chipinda chanu chomwe. Tikachigumula, malata ndi njerwa zonse zigwera pa Dona."

"Kumbani pansi."

"Pansi pa khomo pomwepa padutsa paipi ya madzi ya mzere wonse wa nyumba zino."

"Ndiye bwezeranimo masipuling'i akale aja!"

"Tinagulitsa kwa ogula zitsulo chaka chatha. Ndipo ngakhale akanakhalapo, ndi ntchito ya masiku anayi."

Masiku anayi tinalibe. Chimene anatha kuchita ndi kuphwetsa matayala. Anatulutsa mpweya, psiii, tayala ndi tayala, mpaka anafika poti akapitiriza chitsulo cha m'kati chidula matayala atsopanowo. Alamu anakweranso pa mpando nayeza. Zala zinayi zinali zitachoka. Zinatsala ziwiri.

Amuna anga anatsika pang'onopang'ono, naika kiyi m'thumba la malaya.

"Basi, musiyeni," anatero. "Ndamumva kulira kwake. Zakwana."

Anauyamba wa kunyumba, dzanja likupapasa khoma. Munthu amene anayendetsa malole m'misewu ya matope zaka makumi atatu, akupapasa khoma la nyumba yake yomwe dzuwa likuswa mtengo! Mtima unandiwawa, ndipo ine mtima ukandiwawa ndimapsa nawo. Ndinalowa m'galaja muja koyamba chilumbirire, ndikutukwana Dona, konkire, shuga ndi amene anamanga khomolo. Miyendo itatopa ndinangodziponya pa chopondera cha lole, paja amaponda pokwera. Dona anati kwiii.

Alamu anali adakali pa mpando, tepi ili m'manja. Anandiyang'ana, nayang'ana denga.

"Alamu, taimiriraninso."

"Mukufuna chiyani kwa ine?"

"Taimirirani kaye! Eya. Tsopano khalaninso. Mwamphamvu!"

Ndinakhala. Kwiii.

"Yatsika! Alamu, yatsika! Pang'ono ngati chikhadabo, koma yatsika!"

Ine si munthu wochepa thupi, zimenezo sindibisa. Tsiku lina lililonse alamu akanalandira mbama. Koma tsiku limenelo ndinakumbukira mmene malole a kampani ankabwerera atasenza simenti, matako ali pansi, ndipo ndinamvetsa. Lole ikasenza imatsika.

"Tipeze njerwa," anatero alamu.

"Njerwa pa matabwa atsopanowa? Achimwene anu atipha tonse. Ndipo njerwa zake zili kuti? Njerwa sizidziyendera, alamu. Anthu ndiwo amadziyendera."

Ndinalowa m'chipinda changa nkutenga buku la miyeso. Telala amadziwa zinsinsi zimene ngakhale mwamuna wako sazidziwa. M'buku limenelo muli chiuno cha mayi aliyense wa m'dera lathu, pakuti mayunifomu a kwaya ndi madiresi a maukwati ndimasoka ndine. Ndinatsegula tsamba ndi tsamba ndikuchonga ndi choko. Wochepera mainchesi makumi anayi ndinkamudumpha, asadzangotithera malo.

Ndinamanga nsalu m'chiuno nkuyamba khomo ndi khomo. Papsa tonola, anatero akuluakulu. Wina ndinamupeza akuchapa, ndinamuchotsa manja m'thovu. Wina anati ali ndi alendo, ndinati abwere nawo alendowo ngati ali onenepa. Mkazi wa aphunzitsi anafuna kudziwa chifukwa chimene ndasankhira iyeyo osati mng'ono wake.

"Chifukwa ndinu a mtima wabwino," ndinatero.

"Bodza! Mwaona m'buku lanu lija!"

Anatukwana, koma anabwera. Aliyense ndinkamuuza zoona zake: Lolemba bambo akukachitidwa opaleshoni ya diso, ndipo sitikudziwa ngati adzaonenso. Ndikangotero, mafunso ankatha, munthu nkuyamba kufunafuna mpango.

Pofika masana pabwalo pathu panali amayi khumi ndi anayi, wogulitsa nyama wa pakona, ndi amuna ena awiri amene anangotsatira akazi awo. Ndinalowa m'nyumba. Amuna anga anali atakhala pa bedi, malaya oyera aja atavula nkuwapinda bwinobwino.

"Valani," ndinatero.

"Mayi, musavutitse anthu. Ndanena kale kuti zakwana."

"Zakwana kwa ndani? Zaka zisanu ndi chimodzi mwandigonthetsa m'kutu kuti mudzangomva kulira kwake? Kulira ndamva ine! Beseni langa linapita, mswachi wanga unapita, mnzanga wa pakhomo ndinadana naye. Lero lole imeneyi ituluka, ndipo muitulutsa ndinu. Valani malayawo musanandipsetse mtima."

Anavala. Atatuluka nkumva chigulu cha anthu, anaima kaye. Alamu anawafotokozera nzeru yathu. Atamva, amuna anga anati, "Chabwino. Koma nsapato avule."

Ha! Munthu tikumuthandiza, iye akuganiza za matabwa ake. Koma anavula onse, nsapato nkundandalika m'mbali mwa khoma la galaja. Amayi anakwera mmodzimmodzi, alamu akuwakoka dzanja, Dona akulira kwiii, kwiii. Tinawakhazika pansi mothithikana chakutsogolo, kufupi ndi kumutu kwa lole, nkuwauza kuti aweramitse mitu podutsa pa mtanda. Wogulitsa nyama ndi amuna awiri aja anaima pa bampala kutsogolo atagwirira. Ine ndinakwera kutsogolo, pambali pa dalaivala, pa mpando wa msoko wokhota uja.

Alamu anakwera pa mpando wawo nayeza. Anatsika, nayang'ana matayala, nakweranso.

"Yatsala pang'ono," anatero. "Theka la chala."

Ndinayang'ana buku langa. Panali dzina limodzi lokha limene ndinalidumpha dala, chiuno chachikulu kuposa onse. Ndinasuzumira pazenera, ndipo mwini wakeyo anali ataima kuseri kwa mpanda wake, akuonerera ngati sizikumukhudza. Kupepesa kumandivuta ine kuposa kusoka jekete la suti, koma ndinatsika nkupita pampandapo, anthu onse akundiyang'ana.

"Make Nkhuku," ndinatero, "ndinakulakwirani. Pakamwa panga mumapadziwa. Ndithandizeni."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Si paja ine ndimadya kwambiri ntchito osaoneka?"

"Lero ioneka, mayi."

Amayi a m'lole muja anafa nacho chiseko. Make Nkhuku analimbana nacho, milomo ikunjenjemera, mpaka chinamugonjetsa. Anazungulira mpanda, navula patapata, ndipo anafunika amuna awiri kuti amukweze. Atakhala pansi, Dona anabuula ngati munthu.

"Yadutsa!" anakuwa alamu. "Pepala likhoza kulowa pakati! Achimwene, lizani, koma pang'onopang'ono. Inu a pa bampala, sunthirani m'mbali, mukuwatchinga achimwene."

"Asiyeni," anatero amuna anga. Ananena motsitsa, moti ndinamva ndine ndekha. "Sakunditchinga kanthu."

Ndinawayang'ana. Maso awo anali pa galasi, koma sanali kuyang'ana chilichonse.

"Bambo, khomo mukuliona?"

"Ndikuona kuwala, mayi. Kuyambira Lachitatu ndikungoona kuwala kokha. M'mawa muja ndimangotsata mawu a mng'ono wanga."

Kalanga ine! Kumbuyo ndasenzetsa akazi a eni khumi ndi asanu, kutsogolo amuna atatu alendewera pa bampala, dalaivala saona. Munthu wanzeru akanati titsike. Koma ndinayang'ana manja awo pa chiwongolero. Sanali kunjenjemera ngakhale pang'ono, anali pamalo pake.

"Lizani," ndinatero. "Maso ndili nawo ine. Ndikati imani, muime."

Injini inalira. Anaponda kalachi, nalowetsa giya osayang'ana, ndipo lole inayamba kukwawa pang'onopang'ono kuposa munthu woyenda ndi ndodo. Ine mutu uli pazenera, diso pa khoma.

"Kumanja pang'ono. Pang'ono, ndati! Basi. Wongolani. Tiyeni. Tiyeni."

Mphuno ya Dona inatuluka padzuwa. Galasi linatuluka. Mtanda uja unayamba kudutsa pamwamba pa mitu yathu, ndipo kumbuyo kunali zii, ngakhale Make Nkhuku anali atatseka pakamwa. Ndiye wogulitsa nyama, poona kuti iye wafika kale panja, anayesa kuti zatheka. Anadumpha pa bampala manja ali m'mwamba, anzake awiri aja nkumutsatira. Dona anadzuka. Pamwamba pathu panamveka kweee, chitsulo chikukhula konkire.

"Musaime!" ndinakuwa. "Pitirizani, bambo, pitirizani!"

Sanaime. Kukhulako kunatha, mthunzi unachoka, ndipo tinali panja. Amayi anayamba kukuwa ndi kuwomba m'manja. Ine ndinatulutsa mutu pazenera nkumuuza wogulitsa nyama mawu amene sindingawabwereze pano.

Alamu anakoka makina awo opopera, amene ankapoperanso penti, nabwezera mpweya m'matayala onse. Kumsewu sitinapite, misala yanga ili ndi malire. Kuseri kwa nyumba zathu kuli bwalo la mpira, ndipo masana amenewo munalibe munthu. Amayi anakana kutsika, akuti lole aitulutsa ndi iwo, ndiye ayenda nayo ndi iwo omwe. Tinalowa m'bwalomo ine ndikutchula njira.

"Golo ili kutsogolo, yambani kukhota. Kumanzere. Onjezani. Eya, wongolani. Tsopano ndi poyera mpaka kumapeto."

Analowetsa giya yachiwiri, kenako yachitatu, osaphonya ngakhale kamodzi. Mphepo inalowa pazenera. Kumbuyo amayi a kwaya anayambitsa nyimbo, nsapato zawo atazisiya kugalaja. Amuna anga analiza hutala kawiri, ndipo anaseka mmene ndinali ndisanawamvere chiyambire matendawa. Ine ndinkalira poyera, osabisanso, kwinaku ndikukuwa kuti kumanzere, kumanzere. Tinazungulira kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anaimitsa okha pakati pa bwalo, nazimitsa injini.

Anthu atatsika nkumapita kukatenga nsapato zawo, amuna anga anatsegula chitseko, naima pa chopondera, nkuyamba kusisita denga la Dona ndi chikhatho. Ndinadziwa chimene ankafuna. Mzere unali pamenepo, wautali ngati mkono wanga, penti itachoka mpaka chitsulo kuonekera. Zala zawo zinaupeza, nkuutsata kuyambira poyambira mpaka pothera, kenako nkubwereranso.

"Musadandaule, achimwene," anatero alamu. "Penti yatsala m'chitini. Lolemba inu muli kuchipatala ine ndikhala ndikufafaniza. Pobwera simudzapeza ngakhale chipsera."

"Ayi," anatero amuna anga. "Usaukhudze."

"Koma waipitsa denga lonse, achimwene."

"Penti yonseyi mukuiona ndinu. Ine pa Dona yense chimene ndikuchiona ndi mzere umenewu."

Alamu anatembenuka nkuyamba kupinda tepi yawo, yopindapinda kale. Amuna anga anatsika, napapasa mpaka anapeza dzanja langa, nkuikamo kiyi.

"Sungani ndinu, mayi. Lolemba zikakanika, muzidzandikweza Loweruka lililonse, ndizidzakhala mbali yanuyo."

"Ine kuyendetsa sindidziwa."

"Mudzaphunzira. Njira mukuitchula kale bwino, kungoti mumakuwa."

Ndinamanga kiyiyo pa mfundo ya nsalu yanga, ndinamanga kawiri. Kenako ndinawagwira mkono, tinauyamba wa kunyumba, ndikuwauza pamene pali mwala.